Kapemphedwe ka viza kwa munthu wochokera m'chigwa cha Shire

Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tinazolowera malire kuyambira kale. Ambiri tili ndi abale ku Mutarara ndi ku Morrumbala, tsidya la Mozambique, timamvana nawo m'Chisena, ndipo munthu wa ku Marka amatha kupita ku Vila Nova m'mawa n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Chizolowezi chimenechi chimatisocheretsa tikafuna kupita kutali, chifukwa timaganiza kuti kulikonse munthu amalowa podziwika nkhope kapena pofotokoza bwino pakamwa. Wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe amene adzaweruze pempho lanu la viza sakudziwani, sadzaona khola lanu la ng'ombe ku Ngabu, ndipo sadzafika pamunda wanu wa nzimbe ku Kasinthula. Iye adzaona mapepala okha. Ntchito yonse yopempha viza ndi yoika moyo wanu weniweni pa mapepala oona ndi ogwirizana, ndipo imayamba miyezi ingapo tsiku la ulendo lisanafike.

Choyamba, dziwani chilolezo chimene ulendo wanu ukufuna

Pasipoti ndi viza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pasipoti imaperekedwa ndi boma la Malawi kudzera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, imene tonse timangoti a imigireshoni, ndipo imachitira umboni kuti ndinu nzika ya dziko lino. Viza imaperekedwa ndi dziko limene mukufuna kupitako, ndipo imanena chimene mwaloledwa kukachita ndi nthawi imene mwaloledwa kukhalako. Pali viza yocheza, ya sukulu, ya ntchito, ya chipatala ndi yokakhala ndi banja, ndipo iliyonse ili ndi zofuna zake.

Mmalawi amene ali ndi pasipoti sapempha viza pokacheza kwa masiku ochepa ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Tanzania kapena South Africa, koma amadindiridwa chidindo pa chipata. Ku South Africa chidindocho chimapereka masiku osapitirira 30, ndipo masiku amenewa ndi ocheza chabe, sapereka ufulu wogwira ntchito. Apa ndi pamene achinyamata athu ambiri opita ku Joni amagwera m'mavuto. Malinga ndi malamulo amene dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito mu 2014, wopyola masiku ake ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, pamene wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka 5. Amene agwidwa ali m'katimo amatha kusungidwa ku Lindela, malo osungirako alendo ophwanya malamulo olowera ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kuno. Malamulo omwewo salola munthu amene walowa ngati mlendo kusintha n'kutenga viza ya ntchito kapena ya sukulu ali komweko, kupatula pa zifukwa zapadera zowerengeka, choncho amene akufuna kukakhalitsa ayenera kupempha ali kuno, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe.

Za Mozambique ndinenepo mwachidule, popeza ndi pakhomo pathu. Kapepala kowolokera kamene anthu a m'mbali mwa malire amapatsidwa n'kofikira madera apafupi kwa nthawi yochepa, ndipo sikalowa m'malo mwa pasipoti pa ulendo wa ku Beira kapena ku Maputo. Amene akufuna kukakhazikika kumeneko amafunika chiphaso cha mlendo wokhala m'dzikomo chotchedwa DIRE, ngakhale agogo ake atakhala kuti anabadwira ku Mutarara.

Ku United Kingdom, ku America ndi ku mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, Mmalawi sangakwere ndege popanda viza. Malamulo a mayikowa amasintha kawirikawiri. Mwachitsanzo, mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kulamula Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yocheza kapena ya bizinesi kuti azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo kuyambira pamenepo malamulo ake pa Amalawi akhala akukhwimirakhwimira. Musanawononge ndalama iliyonse, werengani zimene zalembedwa lero pa tsamba la pa intaneti la kazembe wa dzikolo, osadalira zimene anachita mnansi wanu zaka zitatu zapitazo.

Chachiwiri, konzani dzina lanu

Gawo ili anthu amalipeputsa, koma ine ndimaliona lalikulu kwambiri kwa ife a kuno. Yalani pamkeka chitupa chanu cha unzika, satifiketi ya MSCE, satifiketi ya kubadwa, ya ukwati ndi khadi la ku banki, ndipo muwerenge dzina ndi tsiku lobadwa pa pepala lililonse, chilembo ndi chilembo. Mayina athu a Chisena ndi a Chimang'anja, komanso amene anachokera ku Chipwitikizi, amalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi khutu la amene ankalemba. Ena kusukulu ankadziwika ndi dzina la bambo awo, pamene pa kalembera wa unzika wa 2017 anatchula dzina la agogo awo. Ena anachepetsa zaka polemba mayeso a Sitandade 8. Kumudzi zimenezi sizivuta aliyense, koma kwa woweruza viza mapepala awiri osiyana dzina ndi anthu awiri osiyana.

Mukapeza kusiyana, pitani ku ofesi ya NRB, bungwe lopereka zitupa za unzika, pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje mukafunse njira yokonzera, ndipo nthawi zambiri pamafunika kalata yolumbirira pamaso pa majisitireti kapena loya yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Mabanja ambiri mapepala awo anapita ndi madzi pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Ngati inunso munataya, yambirani ku polisi kukatenga lipoti, kenako ku NRB pa za chitupa, ndi ku MANEB pa za zotsatira za mayeso. Zimenezi zimatenga nthawi, ndipo ndi chifukwa chake ziyenera kukhala patsogolo pa zonse.

Chachitatu ndi pasipoti yeniyeniyo. Kwa ife ofesi yaikulu yapafupi ndi ya ku Blantyre, ndipo mumapita nokha ndi chitupa cha unzika kuti akakujambuleni ndi kutenga zidindo za zala zanu. Lipirani kumene ofesiyo yakuuzani ndipo musunge lisiti. Pasipoti ya munthu wamkulu imagwira ntchito zaka 10, koma mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo ndiponso ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Musaidikirire mpaka ulendo utayandikira, pakuti ntchito yosindikiza imatha kuchedwa, monga inaimira kwa milungu ingapo kumayambiriro kwa 2024.

Chachinayi, chuma chanu chioneke pa pepala

Dziko lililonse limafuna kudziwa kuti mudzadya chiyani, mudzagona kuti, ndipo ndalama yobwererera muli nayo kapena ayi. Umboni umene amaukhulupirira kwambiri ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Vuto la m'chigwa muno ndi lakuti munthu amatha kukhala wopeza bwino ndithu, wa ng'ombe makumi atatu, mbuzi, munda wa thonje ndi dimba la chimanga m'mbali mwa Shire, koma akaunti yake ya ku banki ili mbuu. Chuma chake chili m'khola, m'banki m'khonde ndi m'foni, kumene woweruza viza sangachione.

Njira yake ndi kuyamba msanga kudutsitsa ndalama zanu ku banki. Mukagulitsa ng'ombe pa msika wa Ngabu kapena wa Bangula, kaikeni ndalamazo ku akaunti yanu tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo musunge lisiti ndi chikalata cha a vetenale kuti mudzathe kulongosola kumene ndalamayo inachokera. Chitani chimodzimodzi ndi malisiti a thonje, a chitowe ndi a nzimbe. Amene amagwira ntchito pa esiteti ya Nchalo, aphunzitsi, anamwino ndi ena olandira pamwezi asunge mapepala a malipiro awo, ndipo chiwerengero cha pa pepalalo chifanane ndi chimene chimalowa ku banki. Ochita geni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba angapemphe mndandanda wa kayendedwe ka ndalama zawo kuti ukhale umboni wowonjezera.

Chimene ndikukuchondererani kuti musachite ndi kubwereka ndalama zambiri kwa mnzanu kapena kwa wakatapila, kuziika ku banki sabata imodzi musanapemphe viza, n'cholinga choti mudzabweze mukangotulutsa sitetimenti. Oweruza viza amawerenga masitetimenti tsiku ndi tsiku, ndipo akaona akaunti imene imayenda ndi ndalama zochepa yalandira mwadzidzidzi mamiliyoni opanda chiyambi, amakana pempholo nalemba kuti sakukhulupirira kuti ndalamazo ndi zanu. Akaunti ya ndalama zochepa zoyenda mwadongosolo, pa ulendo waufupi wogwirizana ndi mapezedwe anu, imaposa ya ndalama zambiri zosadziwika kochokera. Ophunzira opita ku United Kingdom adziwenso kuti ndalama zimene akuonetsa ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikapo.

Ngati wina ndi amene adzalipire ulendo wanu, monga mwana wanu kapena mpingo umene wakuitanani, alembe kalata yonena ubale wanu, masiku amene mudzakhale, kumene mudzagone ndi zimene adzalipire. Atumizenso kope la pasipoti yake, la chilolezo chake chokhalira m'dzikolo ndi masitetimenti ake. Kalata yochokera kwa m'bale amene iye mwini akukhala kumeneko popanda mapepala ingakuvulazeni nonse awiri.

Chachisanu, onetsani chimene chidzakubwezeni kuno

Pa viza yocheza funso lalikulu m'mutu mwa woweruza ndi limodzi: kodi munthuyu adzabwerera kwawo? Muyenera kuliyankha ndi mapepala. Wolembedwa ntchito atenge kalata ya abwana ake yonena udindo wake, malipiro, masiku a tchuthi ndi tsiku lobwerera pantchito. Wabizinesi aonetse satifiketi yolembetsera bizinesi ndi malisiti a msonkho a ku MRA. Mlimi aonetse mapepala a malo, kalata ya kopaletivi yake ndi malisiti a zokolola. Kalata ya a mfumu imathandiza ikaperekezedwa ndi umboni wina, koma payokha silemera mokwanira kwa munthu amene sadziwa udindo wa mfumu pakati pathu.

Ukwati ndi ana ndi umboni wamphamvu, koma pokhapokha utalembedwa. Ambiri kuno anakwatira mwamwambo, malowolo anaperekedwa, ankhoswe alipo ndipo mudzi wonse ukudziwa, koma pepala palibe. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, choncho kafunseni ku ofesi ya bwanamkubwa njira youlembetsera kuti mukhale ndi satifiketi. Zimenezi zimafunika koposa pamene mukupempha viza yotsatira mwamuna kapena mkazi wanu. Mwana woyenda ndi kholo limodzi kapena ndi wachibale anyamuliridwe satifiketi ya kubadwa ndi kalata yolumbirira ya chilolezo cha kholo lotsalalo.

Opempha kukakhala nthawi yaitali ali ndi zina zowonjezera. Mayiko ambiri amafuna chikalata cha ku polisi chosonyeza kuti simunapalamulepo mlandu, chimene chimayamba ndi kudinda zala ndipo chimatsimikizidwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. United Kingdom imafuna kuti Mmalawi wokakhala miyezi yoposa 6 ayezedwe chifuwa chachikulu pa chipatala chimene iwo anavomereza, osati chipatala chilichonse. Wophunzira amadikira kaye chikalata cha sukulu imene yamulandira, chimene ku United Kingdom amati CAS ndipo ku America amati I-20. Ku South Africa wopempha viza ya ntchito amatumiza masatifiketi ake ku bungwe la SAQA kuti liwayese, ndipo wophunzira amafunika inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa m'dzikolo.

Pa viza ya ntchito ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali misampha yoopsa. Viza ya ntchito imayamba ndi wolemba ntchito weniweni ndi mgwirizano wolembedwa umene mwauwerenga ndi kuumvetsa. Munthu amene akukulonjezani pa WhatsApp kapena pa Facebook ntchito ya malipiro apamwamba, nakuuzani kuti mutumize ndalama ku nambala yake, kuti mukalowe ndi viza yocheza, kapena kuti pasipoti yanu asunge iye, ameneyo muthaweni. Amayi ambiri a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino anakapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa, ndipo panafunika khama lalikulu kuti ena abwerere. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi mchitidwe wozembetsa anthu, ndipo muli ndi ufulu wopita ku ofesi ya zantchito pa boma kapena ku polisi kukafunsa ngati kampani imene ikukutenganiyo ndi yovomerezeka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani fomu

Mafomu ambiri masiku ano amalembedwa pa intaneti. Ya United Kingdom imapezeka pa tsamba la boma la gov.uk, ndipo mungapemphe kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke. Viza yocheza ya kumeneko imalola kukhala mpaka miyezi 6, ndipo yankho limabwera kawirikawiri m'milungu itatu. Ya America imatchedwa DS-160, ndipo mtengo wa viza yocheza unakwera kufika madola 185 mu 2023. Ya Schengen imalola masiku 90 m'kati mwa masiku 180 alionse, mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo imafuna inshuwalansi ya paulendo yotha kukulipirirani chipatala mpaka mayuro 30,000. Mumapempha ku dziko limene mudzakhaleko masiku ambiri, ndipo popeza si mayiko onse a ku Ulaya amene ali ndi kazembe kuno, ena amaimiriridwa ndi dziko lina kapena amatumiza anthu ku ofesi za m'mayiko oyandikana nafe. Ndalama ya viza sibwezedwa pempho likakanidwa.

Tsegulani imelo yanuyanu ndipo mawu ake achinsinsi muwadziwe inu nokha, chifukwa mayankho onse adzabwera kumeneko. Palibe cholakwika kupempha munthu wodziwa kompyuta pa Nchalo kapena pa Dyeratu kuti akuthandizeni kulemba, koma khalani pambali pake, akuwerengereni funso lililonse, ndipo yankho lichokere kwa inu. Mphwanga wina anasiyira dobadoba fomu yake, ndipo dobadobayo, pofuna kuti zioneke bwino, anamulembera ntchito imene sanaigwirepo ndi kuikapo kalata yabodza. Pempho linakanidwa, ndalama ya ng'ombe ziwiri inapita, ndipo mlandu wa bodzalo unatsala pa dzina la mphwangayo, pamene wolembayo anazimitsa foni. Ku United Kingdom wopezeka ndi chinyengo amatha kuletsedwa kwa zaka 10, ndipo ku America chiletsocho chimatha kukhala cha moyo wonse.

Fomu ikafunsa ngati munakanidwapo viza kapena munabwezedwapo kuchokera kudziko lina, nenani zoona ndipo mufotokoze mwachidule zimene zinachitika. Zidindo za zala zanu zimasungidwa, ndipo mayiko ena amagawana zimene akudziwa. Kukanidwa kwakale sikutseka khomo mmene kubisa kumatsekera.

Chachisanu ndi chiwiri, ulendo wa ku Lilongwe

Fomu ikatha mumasankha tsiku lokaonekera nokha kuti akatenge chithunzi ndi zidindo za zala, ndipo maofesi ambiri a akazembe ali ku Lilongwe. Kwa munthu wa ku Nsanje umenewu ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, kudutsa Bangula, Ngabu ndi Nchalo, kukwera zitunda za Thabwa kufika ku Blantyre, n'kukwera basi ina. Ikani m'bajeti mwanu thiransipoti, malo ogona ndi chakudya, ndipo mufike dzulo lake. M'nyengo ya dzinja onjezerani tsiku lina, pakuti tonse tikudziwa mmene msewu wa M1 umadukira mitsinje ikasefukira, ndipo tsiku limene mwaphonya limatha kutenga milungu kuti mupatsidwe lina. Mapepala enieni ndi makope ake muwaike m'pulasitiki, muwasanje monga mmene mndandanda wa kazembeyo wanenera. Pepala lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi limafunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka.

Ku America pamakhala kufunsidwa pamaso, ndipo kumatenga mphindi zochepa chabe. Yankhani funso limene mwafunsidwa, mwachidule ndi moona, ndipo mudziwe bwino dzina la amene mukukamuona, mzinda, masiku ndi amene akulipira. Mayankho oloweza pamtima amamveka msanga. Pasipoti nthawi zambiri imatsala komweko, choncho funsani ngati mudzaitenge nokha kapena angakutumizireni. Tikiti ya ndege musalipire yonse viza isanatuluke, pokhapokha ngati malamulo a dzikolo anena mosapita m'mbali kuti itero.

Yankho likabwera

Mukakanidwa mudzalandira kalata yonena chifukwa. Iwerengeni modekha, makamaka ndi munthu wodziwa bwino Chingerezi, ndipo musathamangire kupemphanso ndi mapepala omwewo, popeza yankho lidzakhala lomwelo ndipo ndalama idzapitanso. Konzani chimene chatchulidwacho, ngakhale zitatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo popemphanso mutchule kukanidwa koyambako.

Mukapatsidwa, onani pomwepo ngati dzina, nambala ya pasipoti, tsiku loyambira, tsiku lothera ndi kuchuluka kwa maulendo olowera zalembedwa molondola, ndipo cholakwika chilichonse muchinene musananyamuke. Viza imakufikitsani pa chipata, koma wa imigireshoni wa kumeneko ali ndi mphamvu yokufunsaninso ndi kukubwezani, choncho kalata yokuitanani, adiresi ya kumene mukukagona, tikiti yobwererera ndi umboni wa ndalama zikhale m'chikwama cha m'manja. Oyenda pa basi kudzera ku Mwanza, Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge atsike okha pa chipata chilichonse ndi kuona ndi maso awo pasipoti ikudindidwa, chifukwa chidindo chogula kudzera mwa kondakitala chimapezeka kuti mulibe m'kompyuta tsiku lotuluka. Werengani tsiku limene lalembedwa pa chidindocho musanachoke pa windo, pakuti nthawi zina amapereka masiku ochepa kuposa amene munkayembekezera. Jambulani tsamba la pasipoti ndi la viza, kope limodzi musiyire a kunyumba, ndipo mulembe penapake nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ya kumene mukupita, monga ya ku Pretoria, Johannesburg, Maputo, Tete kapena London, chifukwa pasipoti ikatayika ndi kumeneko kumene mungapeze chikalata chobwererera kwanu.